Msana wa a Nduna

Wailesi italengeza zotsatira za chisankho cha aphungu, a Nduna anadumpha pampando n'kukuwa kuti, "Wamva? Si ndimanena ine!" Anatembenukira kumanzere, kumene kwa zaka khumi ndi zisanu kunkachokera yankho. Kunalibe munthu. Pasimenti panangotsala timadontho tinayi ta dzimbiri, pamene pankaponda miyendo ya makina a mng'ono wawo.

A Nduna sanali nduna ya boma lililonse. Anali telala, ndipo shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa wokonza mafoni ndi wosoka nsapato. Dzinalo anthu anawapatsa nthawi ya kampeni, poona kuti ngakhale nkhani ya zipi ankaiyamba ndi mawu akuti "ife tikalowa m'boma". Iwo sanamvemo chipongwe. Ukawaitana choncho ankatembenuka msanga.

Iwo anali a chipani cha Makwerero, pamene mng'ono wawo, amene ankasoka naye limodzi, ankakonda cha Nyali. Poyamba inali nkhani yongotayira nthawi. Koma tsiku lina woimira Makwerero anaimitsa galimoto pakhomo pa shopu, n'kuwagwira dzanja, n'kuwatchula kuti mzati wa dera lonse. Mzatiwo unayamba kubweza makasitomala a Nyali. Mng'ono wawo atawafunsa ngati nalo buluku limavota, a Nduna anamutulutsira makina ake pamsewu anthu akuona.

"Achimwene," anatero mng'onoyo akumangirira makina panjinga, "mukundithamangitsa ine chifukwa cha munthu woti dzina lanu salidziwa?"

Zimenezo zinachitika masabata atatu chisankho chisanafike. Tsopano munthu wawo anali atapambana, ndipo a Nduna analibe womuuza. Anasuzumira kwa wosoka nsapato.

"Inu musasunthe pamenepo," anatero wansapato ulusi uli kukamwa. "Anthu ngati inu amawaitana pa foni. Sokeranitu suti, mungakachite manyazi polumbiritsa aphungu. Za mng'ono wanuyo zisiyeni, njala ikamuluma abwera yekha." Wansapatoyu anali atalonjeza voti yake ku zipani zinayi ndipo anali ndi masikipa a zonse, koma malangizo akewo anawakomera a Nduna.

Anaika foni pathebulo lodulira nsalu, pafupi ndi sizasi, n'kuikweza mawu mpaka pamapeto. M'masiku anayi inalira kawiri. Koyamba anali munthu wofuna kudziwa ngati amagulitsa anapiye. Kachiwiri anali yemweyo, kupepesa. Makasitomala amene anawabweza aja anali atapeza kwina kosoketsa. Masana a Nduna ankadyera pamakina, atayang'ana khoma. Chimwalirireni akazi awo, Lamlungu lililonse ankakadya kwa mng'ono wawo. Lamlungu limenelo anatsegula shopu, ati ntchito yachuluka.

Lolemba m'mawa kunabwera Aphunzitsi, mayi wophunzitsa sitandade 7 amene anayang'anira kuwerenga mavoti pasukulu yapafupi. Anabwera kudzatenga siketi yawo. Anapeza a Nduna ataluma nsonga ya tepi yoyezera, mkono umodzi uli kumsana, akuzungulira pamalo amodzi.

"Kodi a Nduna, ndi masewera olimbitsa thupi?"

"Ndikudziyeza," anayankha atalavula tepi. Pahang'ala panapachikidwa jekete limene anali atalumikiza kale, phewa lina lili m'mwamba, lina ngati lafooka ndi malungo. Telala amayeza dera lonse, koma msana wake sauona. Wa a Nduna ankauyeza ndi mng'ono wawo.

"Sutiyi ndi ya kuti?"

"Ya ku Nyumba ya Malamulo. Tapambana, mayi."

Aphunzitsi anakhala pabenchi n'kuika chikwama pamiyendo. "Nkhani za m'mawa uno mwamvera? Mipando yonse ilipo 120. Makwerero apeza 52, Nyali 47, yotsalayo ndi ya oima paokha ndi tizipani ting'onoting'ono. Kuti lamulo lidutse pamafunika 61. Ndiye Makwerero ndi Nyali agwirizana kuti aziyendetsa zinthu limodzi."

"Bodza! Ndi adani a chitukuko amenewo!"

"Anali adani mpaka Lachisanu." Anawaonetsa chithunzi pa foni. Phungu wa a Nduna anali atakolekana mikono ndi mkulu wa Nyali, onse mano ali pamtunda.

A Nduna anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna msoko wolakwika.

"Palibe choipa pamenepo," anatero Aphunzitsi. "Ndi mmene zimakhalira kukakhala zipani zambiri. Ngakhale kusukulu kwathu kuja, mamonita a zipani zonse anakangana mpaka mawu kusasa, koma titamaliza kuwerenga anasaina pepala limodzi, cholembera n'kumabwerekana. Voti yanu inali ufulu wanu, ya mng'ono wanu inali ufulu wake. Phunguyo ndi wa tonse, omuvotera ndi osamuvotera. Akakukhumudwitsani, chisankho china mudzasankha wina. Nanga mng'ono wina mudzakamusankha kuti?"

"Ine ndine wamkulu. Ndikagwade kwa mwana?"

"Wotulutsa makina anali wamkulu. Wokapepesa akhale yemweyo."

Atapita Aphunzitsi, a Nduna anakhala akuyang'ana jekete lija mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anatseka shopu. Wansapato anawakuwira kuti, "Akuimbirani?" A Nduna anangodutsa.

Kwa mng'ono wawo anapeza mlamu wawo akuanula zovala. Anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, mwaulemu wonse umene amapatsidwa mlendo.

"Alamu, mwachedwa. Bambo a kuno ananyamuka Loweruka. Apeza ntchito kufakitale yosoka mayunifolomu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anakuimbirani katatu kuti akutsanzikeni."

A Nduna anakumbukira. Nambalayo anaitseka okha, tsiku la makina lija, ndipo anachita kupempha wokonza mafoni kuti awaonetse katsekedwe kake. Mlamu anaimba pa foni yake n'kuwapatsira.

"Ndine," anatero a Nduna.

"Ndamva kuti mwapambana, achimwene. Zabwino zonse." Kumbuyo kwake kunkamveka makina ambirimbiri. "Ndiye kwa oluza mukufunako chiyani?"

Mawu onse amene anakonza m'njira anathawa. "Ndinalakwa, mphwanga. Bwerera. Malo ako alipo."



"Ndamva, achimwene, ndipo zikomo. Koma kuno ndasaina chaka chathunthu. Ana sakanadya zotsatira za chisankho. Tidzakamba ndikadzabwera patchuthi. Pepani, akapitawo akundiyang'ana."

Foni inaduka. A Nduna anaibweza ndi manja awiri.

"Lamlungu muzibwerabe, alamu," anatero mayiyo akupinda malaya. "Ana amakufunsani."

A Nduna anavomera ndi mutu. Potuluka pageti anaima pang'ono, n'kuyamba kuwerenga pa zala miyezi yotsala kuti mng'ono wawo abwere.

Phunziro: Vota mmene mtima wako ukufunira, ndipo mnzako umulole atero. Andale amakangana lero, mawa n'kukhala pa benchi imodzi. Ubale umene wauswa chifukwa cha iwo udzaulumikiza wekha, ndipo mwina sudzalumikizika tsiku limene ukufuna.