Chitseko cha a Maloko

"Chatsegukanso," anatero amayi.

Sanadzutse n'komwe mutu. Anali atakhala pansi pakhonde, atafundira bulangete kumutu ngakhale dzuwa linali litatuluka kale. Kumbuyo kwawo chitseko cha nyumba chinali yasa, chikugwedezeka pang'onopang'ono ngati padutsa munthu posachedwa.

Namakiyi anatula buledi amene ananyamula n'kukhala pambali pawo. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala, chifukwa kuyambira ali kamtsikana ankakhalira pa benchi ya bambo ake kudula makiyi. Ngakhale anakwatiwa kutsidya kwa msewu, m'mawa uliwonse ankabwerabe ku ntchito. Bambo akewo, amene dera lonse linkawadziwa kuti a Maloko, anaikidwa m'manda sabata yathayo. Anthu apamaliro atangobalalika, chitseko chinayamba khalidwe lakeli.

"Munakhoma, amayi?"

"Ndi dzanja langali. Kiyi anagona pansi pa pilo. Achimwene akowa anachigwedeza, chinali gwa. M'bandakucha ndangomva kamphepo kakundizizira kumapazi. Potuluka ndachipeza chonchi, loko ali chikhomere. Ndangozunguliza kiyi msangamsanga, osafuna n'kuyang'ana komwe." Anatsitsa mawu. "Chinayamba chalira. Kwiii. Mmene chinkalirira bambo ako akamatsegula m'mawa."

Achimwene anatulukira ndi kapu ya tiyi m'manja. Anali oyendetsa malole, munthu wozolowera kulankhula mopikisana ndi injini.

"Palibe mzimu pano, amayi. Mzimu ulimbanirenji ndi chitseko pamene ungathe kudutsa pakhoma?" Analoza ndi chibwano ku shedi yogwiriramo ntchito, kumapeto kwa bwalo. "Tili ndi katswiri pakhomo pano. Tithokoze ndithu, sukulu ya bambo sinapite pachabe."

Ankanena mzime, mng'ono wawo. Mwa ana atatuwo, iyeyo ndiye anatengera manja a bambo. Loko aliyense ankamumvera. Atakula analowa m'magulu oipa, ndipo tsiku lina anadula kiyi wachiwiri wa sitolo ya kasitomala n'kukaisesa. A Maloko anapita okha ku polisi kukanena kuti kadulidwe ka kiyiyo akukadziwa. Mzime atatuluka kundende, a Maloko anamulankhulira pakhonde lomweli, anthu oyandikana nawo akumva: usadzapondenso m'nyumba muno. Tsiku lomwelo anazula loko wakale n'kukhomerera wina wamkulu, wopanga okha, ndipo analetsa aliyense kumugwira kupatula amayi pokhoma madzulo. Kuyambira pamenepo anasiya kugona kuchipinda. Ankakokera mpando wawo kuchitseko, kuutsamiritsa pomwepo, n'kugona chokhala. Anthu ankanong'onezana kuti munthu wouma mtima chotere sanamuonepo, kulondera nyumba kuopa mwana wobereka yekha. Zaka zinadutsa choncho, mpaka m'mawa umene amayi anawapeza pampandopo atazizira.

Mzime anamva za maliro n'kubwera. Anaima kumbuyo kwa anthu onse, wowonda, imvi zitayamba kale. Achimwene anamulola kugona mu shedi, koma m'nyumba ayi. Mawu a bambo ndi mawu a bambo.

"Akufuna kutionetsa kuti akhoza kulowa nthawi iliyonse," anatero achimwene. "Basi ikubwerayi akwere. Akapanda kukwera ndikukaitana apolisi, akagone kumene anazolowera."

"Mwina ndi bambo anu," anatero amayi. "Mwina akwiya kuti mwanayo akugona pabwalo pawo. Kapena..." Anangokoka bulangete.

Namakiyi anadzuka n'kulowera ku shedi.

M'katimo munali mdima wonunkha dzimbiri ndi mafuta. Pakhoma, makiyi osadula anali ndandanda pamisomali, ndipo ankagundana okha, ngwengwengwe, ngakhale iye sankamva mphepo iliyonse. Pakona panali mpando wa bambo. Anausamutsira kumeneko tsiku la maliro chifukwa amayi sankatha kuuyang'ana. Pokhalira pake panali polowa m'kati, ngati mwini wake wangodzukapo kukamwa madzi. Namakiyi anaulambalala patali.

Mzime anali atagwada pansi akupinda malaya m'chikwama.

"Ndamva," anatero asanafunsidwe. "Mawu a achimwene safuna wailesi."

"Ndiwe?"

"Achemwali, zoipa ndachita zambiri. Mukafuna ndikuwerengerani mpaka basi indisiye. Koma loko ameneyo sindinamukhudzepo."

"Nanga akutsegula ndani?"

Mzime anasiya kupinda. "Lero ndinali maso. Tulo sitibwera ndi mpandowu pambali. Kunja kukuyera, ndinasuzumira pazenerali. Pakhonde panalibe munthu, ngakhale galu. Mitengo inawerama pang'ono, kenako chitseko chinayamba kutseguka. Osati mwamphamvu ayi. Pang'onopang'ono, mmene amatsegulira munthu wofuna kuona amene waima panja." Anayambanso kupinda. "Ndinafunda kumutu ngati mwana."

Namakiyi anamva tsitsi likumuimirira. Komabe manja ake anali a mwana wa a Maloko, ndipo chimene bambo anamuphunzitsa choyamba n'chakuti loko samuweruza uli patali. Anazindikira kuti m'zaka zonsezi, iye amene anaphwasulapo maloko a theka la deralo, loko wa kwawo anali asanamuonepo lilime. M'mawa akamafika ankapeza bambo atatsegula kale, chitseko atachiimika ndi mwala.

"Usapite kaye," anatero.

Pakhonde anatambasula dzanja. "Amayi, ndibwerekeni kiyi."

"Iii, mwanawe! Bambo ako analetsa."

"Sindimasula kanthu. Ndikungofuna kuona."

"Uwapute bambowo, aziti akabwera azikupeza kwa amuna ako kutsidyako," anatero achimwene, koma kuseka kwawo kunathera m'kapu.

Amayi anamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi. Namakiyi anagwira chitseko ndi bondo, chili chotsegula, n'kuzunguliza. Lokoyo analira khwa! Kulira kolemera, kokhazika mtima pansi, kumene amayi ankagona nako madzulo alionse. Lilime linatuluka, kachitsulo kaja kamene kamalowa m'felemu kuti chitseko chigwire.

Namakiyi anagwada. Anayang'ana nthawi yaitali.

Lilime la loko wamkulu chotero limayenera kutuluka kutalika ngati chala. Ili linangosuzumira, kansonga chabe. Linali lodulidwa, ndipo kansongako kanali kopalidwa ndi tupa mopendekeka, mosalala. Podulapo panali patada kale ndi ukalamba.

"Wadula ndi uja!" anatero achimwene.

"Bwerani muone." Mawu a Namakiyi anatuluka otsika. "Chitsulo chodula sabata ino chimawala. Ichi chinadulidwa lokoyu asanakhomedwe pachitseko. Ndipo kapalidweka mukukadziwa. Kukoka kumodzi, osabwereza."

Achimwene anawerama. Nawonso anakulira mu shedi ija, ngakhale ntchitoyo inawakana. Dzanja la bambo awo sakanalisokoneza ndi la munthu wina.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndiye kuti mukachigwedeza ndi dzanja chimagwira, amayi. Koma munthu akachitsamira ndi phewa ali panja, kansongaka kamaterera, chitseko n'kutseguka. Ngakhale mphepo ya m'bandakucha ikalimbikira."

"Bodza," anatero achimwene. "Zaka zonsezi mphepo kunalibe? Bwanji sichinkatseguka?"

Onse atatu anayang'ana pansi, kuseri kwa chitseko, pamene simenti inali yokumbika timaenje ta miyendo ya mpando. Amayi anaika dzanja pakamwa.

"Ankati kuchipinda kukutentha," anatero pang'onopang'ono. "Ngakhale mwezi wozizira, ankati kukutentha. Ine n'kumawanena kuti, inu abambo, mwana wanu yemwe mwamusandutsa fisi? Iwo chete." Anapukusa mutu. "Kani amafuna kuti chikangosuntha amve ndi msana."

Mphepo inadutsa pabwalo, chitseko chinalira pang'ono m'manja mwa Namakiyi. Ulendo uno amayi sanadzidzimuke.

Mzime anali ataima pakati pa bwalo, chikwama paphewa. Anali atamva zonse. Anayandikira mpaka pa sitepe ya khonde n'kuima pomwepo, pamene ankaima masiku onse a maliro.

"Ndinabwerapo," anatero.

"Liti?" anafunsa achimwene.

"Kangapo. Nthawi ina mvula ikugwa, ndikudwala, ndilibe kolowera. Ndinaima apa, pakhomo penipenipa. Ndinkawamva akupuma kuseriko." Anaseka kaseko kopanda mawu. "Waya ndinali naye m'thumba. Maloko a anthu ndinkatsegula ngati ndikusenda nthochi. Koma ndinati uyu yekha ayi. Uyu apangira ine. Ndikamukhudza ndiye kuti ndawabera kachiwiri. Ndinabwerera."

"Osagogoda?" Mawu a amayi anasweka. "Osakankha n'komwe?"

"Chitseko chokhoma, amayi. Ndikanakankhiranji?"

Kumsewu kunamveka hutala ya basi, patali, ikuitana okwera. Mzime anakonza chikwama paphewa. Achimwene anayang'ana kumsewuko, anayang'ana lilime lija, kenako anakhuthulira pansi tiyi wotsala.

"Nkhalamba imeneyi," anatero mokwiya, maso atafiira. "Kungotsegula pakamwa kunkaivuta chiyani? Maloko onse a m'dera lino olimba, wa pakhomo pake n'chidole."

Amayi anadzuka, bulangete linagwa. Analanda kiyi m'manja mwa Namakiyi, analowa m'nyumba n'kukoka ana awo awiriwo. Anatseka chitseko. M'chipindamo munagwa mdima, ndipo Namakiyi anamva fungo la fodya wa bambo limene linali lisanachoke m'makatani. Kiyi anazungulira. Khwa!



"Iwe," anaitana amayi, chipumi atachigunditsa pathabwa. "Ndakhoma. Kankha."

Kwa kanthawi sikunamveke kanthu, moti Namakiyi anaganiza kuti wathamangira basi. Kenako anamva chikwama chikugwa pansi, ndi mapazi akukwera sitepe. Thabwa linadandaula pang'ono. Kuwala kunalowa, kamzere kowonda, n'kumakula.

Mzime anaima pakhomo, phewa likadali pachitseko, ngati munthu wosakhulupirira kuti wanyamula katundu wopepuka chotero. Achimwene anapatuka kumusiyira njira.

Iye sanalowe msanga. Anawerama n'kusisita kansonga kaja ndi chala, monga amachitira munthu wa ntchitoyo akakumana ndi ntchito ya mnzake. Atachotsa chalacho anachiyang'ana, kenako anachitembenuzira kwa mlongo wake. Chinali kunyezimira. Mafuta a pakansongapo anali oyera, osagwira fumbi, othira bambo masiku ochepa asanamwalire.

Anapukutira chalacho pachifuwa cha malaya ake, navula nsapato, n'kulowa.