Diresi Lachikasu

Miyezi isanu ndi iwiri inali itatha telala uja asanamve mawu a mng'ono wake. Akaimba foni, woyankha ankakhala mwamuna wa mng'onoyo, mlamu wojambula zithunzi ndi penti uja: "Wagona," "Watuluka," "Akusamba." Munthu kusamba miyezi isanu ndi iwiri, khungu likanatha kale. Kumene ankakhala sankakudziwa, poti banjalo linasamuka osatsanzika. Choncho atamva kuti mlamuyo akuonetsa zithunzi zake m'tauni ina, telala anatseka shopu, n'kukwera basi, mtima uli m'mwamba. Ankangofuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi mng'ono wake ali moyo, ndipo ali bwino?

Nyumba yoonetseramo zithunziyo inali ndi masitepe ambiri komanso khomo lalikulu lagalasi. Tsono anthu a ntchito zamanja ali ndi matenda amodzi: akaona khomo loterolo amayesa si lawo. Telala anazungulira cham'mbali, napeza kachitseko kotsegula, n'kulowa mwakachetechete ngati wadzapereka zovala.

Mkati munali zii, mozizira, mukununkha polishi. Makoma anali oyera mbee, ndipo chithunzi chilichonse chinali ndi nyali yake ndi kakhadi ka tizilembo ting'onoting'ono. Magalasi ake owerengera anali atawaiwala pa makina osokera, ndiye za makhadizo anangozisiya.

Anaima patsogolo pa chithunzi choyamba. Mkazi anali atagona pabedi, atayang'ana kukhoma, zenera litakhomedwa matabwa. Nkhope sinkaoneka, koma telala sankafunikira nkhope. Diresi lachikasulo analisoka yekha, ndipo kolala yake inapendekeka pang'ono kumanzere chifukwa nsalu inaperewera. Anali atayeza yekha chiuno chimenecho ndi tepi. Pano diresi linali khwepe, ngati mulibe munthu.

"Mayo ine, mwana wa mayi anga," ananong'ona.

Anasunthira patsogolo. Pachithunzi chachiwiri mkaziyo anali atakhala tsonga m'mphepete mwa bedi. Pachitatu anali ataimirira, kapu ili m'manja, ndipo thabwa limodzi linali litachoka pazenera. Telala anayamba kuyeza ndi maso monga amachitira makasitomala akamalowa pakhomo. M'mapewa munayamba kudzaza. Pachisanu, m'chiuno munagwira. Matabwa ankachepa, kuwala kunkachuluka, ndipo pofika chachisanu ndi chiwiri mng'ono wake anali pazenera lotsegula, akuseka mano onse pamtunda, diresi litathina mpaka zipi kupempha chifundo.

Telala anaseka yekha, misozi ili chuchuchu. Kani mwanayo anadwala, ndipo mwamuna wake anamusamalira mpaka kuchira, n'kuwabisira abale kuti asade nkhawa! Anachita manyazi ndi zoipa zonse zimene anamuganizira mlamu wake m'basi muja, ndipo sizinali zochepa.

"Pepani mayi, mwalowera kuti?"

Anali mayi woyang'anira chipindacho, wovala yunifolomu yakuda, yemwe anali atakhala pakampando pafupi ndi khomo lagalasi.

"Kachitseko ako," anatero telala, akupukuta m'maso. "Musandidabwe, ameneyu ndi mng'ono wanga. Taonani mmene wachirira!"

Mayiyo sanamwetulire. Anayang'ana chithunzicho, kenako telala, kenako pansi.

"Kameneko n'kotulukira, mayi. Simunaione miviyi?"

Pansi panalidi mivi yomata, yofiira, ndipo yonse inkaloza kumene telala anachokera.

"Chosekachi ndiye choyamba," anapitiriza mayiyo motsitsa mawu. "Amajambula chimodzi mwezi uliwonse, ndipo tazikoloweka motsatana. Inu mwayambira kumapeto."

"Koma zojambula si zoona zonse, eti? Ena amangopeka."

"Ena amapeka. Awa ayi. Amanyadira zimenezo, mpaka zalembedwa pakhomo apo: sajambula za m'mutu, amangojambula chimene chili pamaso pawo."

Mantha anamugwira telala kuyambira kumapazi. Anayendanso chipindacho motsatira mivi, ndipo ulendo uno anaona zimene chimwemwe chinamubisira. Pachithunzi chachitatu kuchokera kukhomo lagalasi, chogwirira chitseko chinali chitazulidwa mkati, patangotsala kabowo. Pachinayi mng'ono wake sankayang'ananso wojambula, ankayang'ana chitsekocho. Kapu ija inali yopanda kanthu. Matabwa sankachoka, ankawonjezeka, ndipo misomali yake inajambulidwa mosamala, umodziumodzi, ngati ntchito imene munthu akuikonda.

Pambali pa chithunzi cha pabedi chija panatsala malo. Panali nyali yoyaka, kakhadi komata kale, ndi mbedza yopanda kanthu.

"Apa pakusowa chiyani?"

"Chachisanu ndi chitatu," anayankha mayi uja, yemwe anali atamutsatira. "Anatiimbira m'mawa kuti achimaliza, abwera nacho masana ano. Akuti n'chomaliza, sipadzakhalanso china."

"Pakhadipo palembedwa chiyani? Ndiwerengereni, chonde."

Mayiyo anawerama, nawerenga ndi maso. Nthawi yomweyo khomo lagalasi linalira, ndipo m'chipindamo munamveka nsapato, zosafulumira. Anali mlamu, atameta bwino, atanenepa, atanyamula chithunzi chachikulu chokutidwa ndi pepala labulauni n'kumangidwa chingwe. Ataona telala sanadzidzimuke n'komwe.

"Alamu! Bwanji osanena kuti mukubwera? Tikanakuchingamirani."

"Ali kuti mng'ono wanga?"

Mlamu anatsamiritsa katunduyo kukhoma, pansi pa mbedza, nagwada bondo limodzi. Fungo la penti yaiwisi linadzaza pamalopo.

"Mwafika nthawi yabwino," anatero, zala zake zikumasula mfundo modekha. "Moyo wake wonse anali wosakhazikika, mukumudziwa inu. Koma ulendo uno sanagwedezeke ngakhale pang'ono."