Masiku Amene Zoulikha Anawerenga

Loweruka limenelo Zoulikha anaphunzitsa bwino kwabasi. Amayi a mumzikiti wa ku Borgerhout, kudziko la eni kumene anasamukira kalekale, anangoti zii pamene ankawafotokozera sura ya m'buku lopatulika yoletsa kuganizirana zoipa, ndi mmene inatsikira munthu wina atanamizira fuko lonse, anthu n'kutsala pang'ono kunyamula zida asanafufuze. Anamuyamikira, ena mpaka kumupsompsona pamphumi. Koma mtima wake unali kunyumba, pa Ikram, mkazi wa mwana wake Redouan.

Ramadhani inali pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndipo mtsikanayo anali asanasale n'limodzi lomwe. Sabata yoyamba Zoulikha sanalankhule. Mkazi akakhala kumwezi sasala, saswali, ndani sadziwa? Koma mwezi wanji wosatha? Ngakhale mashehe ofatsa amati malire ndi masiku khumi ndi asanu. Anawerenga pa zala, n'kubwerezanso. Anali atapitirira ndi awiri.

Nanga zochitika zakezo! Kapu yonyowa masanasana. Fungo la khofi m'khitchini. Mkeka woswalira uli chipindire pamwamba pa kabati. Ukamufunsa, amangoti, "Sindinayere, Amayi," maso ali pansi.

Pobwerera, m'basi, anamuuza mnzake Mimouna.

"Obadwira kunowa?" anatero Mimouna. "Mpango kumutu, m'mimba buledi. Wanga ndinamugwira ndi chokoleti m'bafa."

"Koma wangayu ngwaulemu."

"Aulemuwo ndiye amaluma, mayi. Tsegulani maso."

Zoulikha zinamuwawa, komanso anachita mantha. Redouan ndi mwana wake mmodzi yekhayo. Adzukulu ake, akadzabwera, adzaleredwe ndi mkazi wonamiza Mulungu?

Dzuwa litalowa anakhala patebulo kuti amasule kusala, pamodzi ndi azakhali awiri a Redouan. Ikram ankagawa supu wa harira, wotuwa nkhope, akuyenda pang'onopang'ono. Kwa Zoulikha kameneko kanali kayendedwe ka munthu wogwidwa. Analephera kuugwira mtima.

"Iwe usavutike kukhala nafe, mwanawe. Ukumasula chiyani? Masiku khumi ndi asanu ndi awiri! Ukuyesa ine sinditha kuwerenga?"

"Amayi, basi," anatero Redouan.

"Basi chiyani? Akukupusitsa m'nyumba mwako, iwe uli phee ngati thumba la ufa!"

Ikram anaika chipande pansi bwinobwino.

"Mwawerenga bwino, Amayi. Koma awa si a kumwezi. Awa amatha kufika makumi anayi."

Azakhali aja anagwira pakamwa. Masiku makumi anayi palibe mkazi wosawadziwa: ndi a munthu amene wangochira, kapena amene wapita padera. Zoulikha yemwe, amene wakhala akuwaphunzitsa zaka zonsezi, sanawaganizire n'kamodzi komwe. Manyazi anamugwira.

"Mimba inali ya miyezi inayi ndi theka," anatero Redouan. "Timafuna tidzakuuzeni pa Idi, kusala kukatha. Mwanayo tinakamuika m'manda ine ndi shehe, kutatsala tsiku limodzi kuti kusala kuyambe. Ikram anandiletsa kunena, kuti musasale mukulira."

Zoulikha anatambasula dzanja kuti amugwire Ikram, koma mtsikanayo anali atatembenuka kale, kulowera kuchipinda. Chitseko chinatsekeka mwakachetechete.

"Anali... anali mwana wanji?" Zoulikha anafunsa Redouan.

"Wamkazi. Dzina anasankha ndi Ikram." Redouan anakankhira mbale yake kutali. "Pathabwa la pamanda talembapo Zoulikha."