Mpando wa Osamva

Achimwene anga samva chibadwire. Chaka chatha khonsolo inawapatsa mpando, ati nawonso osamva akhale ndi wowaimira. Anawajambula atavala jekete yobwereka, chithunzi n'kuchipachika pakhomo penipeni kuti aliyense wolowa aone kuti khonsoloyi ilibe tsankho. Ine ndinkaona kuti n'zongophimba anthu m'maso, koma achimwene ankanyadira.

Tsiku lokambirana zotseka kalasi ya ana osamva ndinawaperekeza, n'kukhala pabenchi la alendo kumbuyo. Mwana wawo wamkazi amaphunzira m'kalasi imeneyo, ndipo m'tauni monse mulibe ina. Khonsolo inkafuna chipindacho chikhale chosungiramo simenti.

Achimwene ataimirira, manja awo anali moto. Ine ndinakula ndi manja amenewo, ndimawamva kuposa wailesi. Anati mukatseka kalasi ana athu azingokhala pakhomo ngati mbuzi zomangirira, ine ndikukana.

Womasulira, bambo wa tayi yofiira wolembedwa ntchito ndi khonsolo yomweyo, anayamba wakhosomola.

"Akuti akuthokoza kwambiri powaganizira. Akuti nkhaniyi ndi yovuta, koma akudalira nzeru za akuluakulu."

Ndinapsa mtima moti ndinangozindikira ndaimirira.

"Bodza limenelo! Akuti akukana. Bambo inu mulibe manyazi?"

Wapampando anavula magalasi mosapupuluma.

"Mayi, kodi inu ndinu osamva?"

"Ayi, ndine mlongo wawo."

"Ndiye khalani pansi. Nthawi yoti akumva azilankhulira osamva inatha kalekale. Ali ndi wowaimira wawo, ndipo walankhula yekha tonse tikuona."

Anthu anaomba m'manja, anthu akuluakulu ndi ndevu zawo, kuombera zimenezo. Achimwene anali atandifulatira. Pamene ankacheuka n'kuti mlonda atandigwira mikono yonse iwiri akundikokera kunja, ine wosatha kukweza ngakhale chala kuti ndiwauze. Ndinangoona womasulira akuwauza kuti mlongo wanuyu wasokoneza msonkhano.

Ndili pakhonde ndinasuzumira pagalasi la chitseko. Ndinamva wapampando akufunsa amene akuvomereza kutseka kalasi, manja n'kukwera m'mwamba chipinda chonse. Womasulira anawerama, kuwauza kanthu achimwene, nawonso n'kukweza dzanja lawo akumwetulira. Ndinamenya chitseko mpaka chikhatho kuwawa, koma mwini nkhaniyo sakanamva.

Achimwene anatuluka nkhope ili ngwee. Anandiloza ndi chala, manja awo n'kunena kuti wandichititsa manyazi iwe, komabe tapambana, onse avota nane, panalibe wotsutsa ndi mmodzi yemwe.

Ndinaponya chikwama pansi kuti manja anga amasuke. Koma iwo anali ataimba kale foni pavidiyo. Kamwana kawo kaja kanaonekera kasanavule yunifolomu, kakufunsa ndi timanja take ngati kalasi yawo ikhalapobe.

Achimwene anakayankha kuti inde, ndi dzanja lomwe anakweza lija.