Matayala a Mkamwini

Grey anatuluka m'galaja ya ku Dwangwa ali m'mwamba ngati khwangwala papolo ya magetsi. Pikapu yake anali ataiveka matayala akuluakulu, makaniko n'kuwonjezera zitsulo pamasipuling'i, moti pokwera ankachita kugwira chitseko ndi manja awiri. Iye ankati wachitira matope a njira ya ku Liwaladzi, kumene ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Nester. Koma matopewo anali a chaka ndi chaka. Chatsopano chinali galimoto ya mnzake wogula usipa, imene inkaoneka yaitali kuposa yake.

Chimene sanaganize n'choti mipanda ya mabafa a m'mudzi anthu amamanga poyesa msinkhu wa munthu woyenda pansi.

Atakhotera kanjira ka kwawo, anayamba kuona zimene udzu unkamubisira zaka zonsezi. Pabafa lomaliza anaphana maso ndi apongozi ake aakazi, mayi amene chikwatirire ankawapatukira panjira, ali thovu m'mutu, chikho m'manja. Posowa chochita, Grey analiza hutala.

M'mawa mwake a Sailesi, malume a Nester, anamukhazika pansi pa mtengo wa mango. Sanakweze mawu. Anamuuza kuti amayi onse asiya kusamba masana, ndipo mlongo wawoyo akukana chakudya.

"Paja amati mkamwini asamakule mwendo, bambo. Tsitsani galimotoyo, apo ayi mukweze mipanda yonse. Zikakanika, njira ya kwanu mukuidziwa."

Grey anathamangira ku Dwangwa. Matayala akale anapeza atadulidwa kale n'kukhala malamba omangira katundu panjinga.

"Nanga si munati tiwotcherere zitsulo zija kuti isadzatsikenso, bwana?" anatero makaniko, osatulutsa n'komwe mutu kunsi kwa minibasi.

Chinatsala n'kukweza mipanda ndi udzu. Koma munali mu Januwale, ndipo udzu wa mpanda amamweta mvula ikatha. Anafunsa ngati mapepala apulasitiki angaloledwe. A Sailesi anati dzuwa likawomba amaonetsa chithunzithunzi.

"Ine ndinati tigule filiji," anatero Nester madzulo ake, akupinda mkeka kuti azikagona kwa mayi ake mpaka nkhani ithe.

Pikapu inaimikidwa kumsewu wa tala, mbuzi zikuusa mvula kunsi kwake. M'mawa uliwonse Grey ankatsikira kudambo, n'kuima pakati pa udzu wauwisi, akuuyesa ndi mwendo. Unali usanafike m'mawondo.