Nsapato pa Mwala wa Pakhomo

Nanga mapeyalawa athandiza chiyani — Hye-suk ankadzifunsa akukwera kanjira ka ku Bukchon, dera la nyumba zamakedzana, akupanikizana ndi alendo ojambulana pamageti a eni ake — munthu kuchoka mwamuna wako Dong-cheol asanathe ndi chaka chomwe m'manda, kusiyira apongozi okha mwambo wa chikumbutso, kukakwatiwanso ku Busan, zii zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, lero nkubwera ndi mapeyala anayi m'kabokosi? Manyazi anamugwira.

Geti linalira monga kale. Pamwala wovulirapo nsapato anavula zake nkuzitembenuza kuti ziloze kunja. Akandipirikitsa, anaganiza, ndingoponda nkumapita.

Apongozi anakankha chitseko chapepala ali chikhalire, tsitsi lili mbuu. Mawondo anali atawakana, ankayenda chodzikoka.

"Wanenepa," anatero. "Akukudyetsa bwino ku Busanko. Lowa, ukundilowetsera mphepo."

"Amayi, ine..."

"Khala apo, mwana iwe."

Apo panali pamene pansi pamafunda koposa, mbali ya kukhitchini, pomwe panachita kuda ndi moto wofunditsa nyumba kuchokera kunsi kwa zaka zambiri — malo a Dong-cheol, pamene Hye-suk ali mtengwa sanakhalepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kutentha kunakwera m'miyendo nkukafika m'maso. Anathokoza mumtima, anathokoza mpaka kuchita mantha: kodi apongozi amukhululukira, kapena akufuna amve yekha kuti mwini malowa kulibe, kapena ukalamba wawaiwalitsa zonse — ayi, woiwala sangatchule Busan.

Anagawana peyala limodzi, apongozi akudandaula za alendo osuzumira pampanda ngati kuno kulibe anthu. Kamodzi apongoziwo anadzikokera kukhonde, ati kukaingitsa mphaka, nkukana kuthandizidwa. Dzina la Dong-cheol silinatchulidwe, ndipo mawu opepesa amene Hye-suk anawakonza ulendo wonse wa sitima sanapeze mpata.

Dzuwa litapendeka Hye-suk anatsanzika, natuluka, phazi lili kale m'mwamba kufuna nsapato. Zinali zitatembenuzidwa. Zinaloza m'nyumba, zitagundana ndi nsapato zoyera zamphira za apongozi, ndipo mwalawo uli pansi, kutali zedi ndi dzanja la munthu amene mawondo ake sapindika.

Kumbuyo kwake, mpeni unayamba kusenda peyala lachiwiri.