Chipolopolo cha m'ntchafu mwa bambo anga

Amuna anga sanapiteko kunkhondo. Ngakhale nkhuku pakhomo pano ndimazinga ndine, iwo amati akaona magazi amamva chizungulire. Koma mutalowa pabalaza pathu mungayese mwafika kwa mkulu wa asilikali. Kabati yagalasi imene ndinagulira mbale za alendo inadzaza ndi zigoba za zipolopolo ndi tizidutswa ta mabomba, zimene amakatola m'minda ya eni komwe kale kunkamenyedwa nkhondo. Chilichonse chili ndi kapepala kake: chaka, mtundu wa mfuti, ndi mbali imene inawombera. Mbale zanga zili m'katoni kunsi kwa bedi.

Zimandinyansa, sindibisa. Loweruka lililonse amaziviika m'viniga m'beseni langa lakukhitchini n'kumazikwecha ndi mswachi wakale, madzi mpaka kubiriwira, nyumba yonse fungo la dzimbiri. Akatha amaziyanika pathaulo n'kumawerenga timanambala takumatako kwake, akumwetulira ngati mayi amene wangosambitsa khanda.

Amene anapitako kunkhondoko ndi bambo anga. Anabwera akutsimphina, chipolopolo chili m'ntchafu, ine ndili ndi milungu itatu chibadwire. Madokotala a nthawi imeneyo anati chisiyidwe momwemo. Mwendo umenewo ndiwo unali ulemu wawo wonse: pamzere anthu ankawapititsa kutsogolo, m'basi ankawadzukira. Eni akewo zankhondo sankazikamba. Chibwerereni kudzakhala nafe mayi atamwalira, mpando wawo ankaukhazika mofulatira kabatiyo.

Chaka chino mwendo unayamba kutupa, dokotala n'kunena kuti chitsulocho chichoke. Akuwakankha kupita ku opaleshoni, bambo anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, akachichotsa usabwere nacho kunyumba. Ukachiponye m'chimbudzi."

"Ndamva, bambo."

"Amuna akowo asachione."

Ndinalonjeza. Koma pamene ine ndinali kalikiliki kusaka mankhwala, amuna anga anali atamunyengerera kale namwino. Ndinadzazindikira patatha masiku awiri, nditapeza kabotolo kachipatala m'firiji, pakati pa mkaka ndi tomato. M'katimo munali kachitsulo kakuda, kadakali ndi timinofu. Ndinakatenga n'kulunjika nako kwa amuna anga.

"Kodi mutu wanu ukuyenda bwino inu? Mnofu wa bambo anga m'firiji?"

"Musakuwe, mayi. Anzathu zoterezi amazisaka zaka ndi zaka, ife chatipeza chokha pakhomo."

"Bambo anati chitayidwe."

"Wodwala amayankhula zambiri," anatero, n'kunditsomphola kabotoloko. Anakatsekera m'kabati, kiyi n'kuponya m'thumba. Ndinapempha, ndinakalipa, ndinawapisa m'matumba a mathalauza pochapa, koma kiyi osamupeza. Bambo sindinawauze, ndinkachita manyazi.

Lamlungu masana kunabwera anzawo a amuna anga awiri a zotolatolazi. Wina ndi mkulu wokonza mawotchi, amene amayenda ndi kasikelo ndi kagalasi kapadiso. Winayo timangomutcha kuti a Chisoti, chifukwa amasonkhanitsa zisoti za asilikali, ndipo pakamwa pake sipagona nkhani. Bambo anali pampando wawo, mwendo wabandeji atausanjika pa situlu. Ndikuthira tiyi, ndinangoona amuna anga akubwera ndi sosala yanga, kachitsulo kaja atakapukuta mpaka kuwala.

"Apongozi, lero tiidziwa mfuti ya mdani amene anakulumalitsani," anatero monyadira.

Bambo sanayang'ane sosalayo. Anayang'ana ine, ndipo ndinasowa polowera.

Wokonza mawotchi anakaika pasikelo, anakayeza kunenepa kwake, kenako anavala kagalasi n'kuyamba kuwerenga timizere tomwe mpope wa mfuti umasiya pachipolopolo. Anatsegula buku lawo la zithunzi. Anayezanso kachiwiri. Atatero anatseka bukulo pang'onopang'ono n'kunena kuti tiyi akuzizira, timwe kaye. Munthu uja anali ndi nzeru, koma amuna anga anamulanda bukulo.

"Aaa, taonani! Timizere tinayi topotera kumanja. Adani analibe mfuti yotere, iyi ndi yathu yomwe!" Anawomba m'manja ngati timu yawo yachinya. "Apongozi, ndiye kuti anakuwomberani ndi mnzanu! Izitu n'zosowa kwambiri!"

"Ndikudziwa," anatero bambo. "Ndinachita kumupempha."

Tonse tinatembenukira kwa iwo, ndipo anapitiriza.

"Kalata inandipeza yoti mayi ake a uyu achira, koma magazi sakuleka, ndipo khanda lilibe woliyang'anira. Ndinapempha tchuthi, anandikaniza. Ndiye ndinatengana ndi mnzanga kupita kuseri kwa chulu. Anawombera akulira. Zaka makumi anayi anthu akhala akundipatsa mipando, ine ndikukhalapo ndi manyazi. Ndimafuna ndipite nazo kumanda, koma basi, mwaziyeza pasikelo."

Wokonza mawotchi anazyolika. A Chisoti maso anali gwa, milomo ikuyabwa kale. Ine misozi inali chuchuchu, tiyipoti idakali m'manja. Ndiye amuna anga, bambo wa ana anga atatu, anasolola bolopeni ndi kapepala.

"Pepani apongozi, mnzanuyo dzina lake anali ndani? Ndifuna ndilembe zonse molondola."

Chikwatiwire, munthu ameneyu sanandinyansepo ngati tsiku limenelo. Ndinatola kachitsuloko pasosala, kanali kolemera kuposa maonekedwe ake, n'kutuluka nako kulunjika kuchimbudzi chapanja. Iwo ankanditsata pambuyo ndi masokosi okhaokha, akudandaula kuti mwina ndidikire akajambule kaye. Ndinakaponya m'dzenjemo iwo akuona. Lonjezo ndinalisunga, koma mochedwa ndi sabata yathunthu.

Lachinayi ndinawatenga bambo kuti akawachotse ulusi pabala. Basi inali yodzaza. Pampando wapafupi ndi chitseko panali mayi wapagolosale yathu, amene zaka zonsezi ankati akangowaona bambo amadzuka msangamsanga. Tsiku limeneli anatiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira pawindo ngati kunjako kuli zachilendo. A Chisoti anali atagwira kale ntchito yawo.

Basi itanyamuka bambo anadzandira, akufunafuna pogwira. Ndinawakoka dzanja n'kulikoleka paphewa panga.

"Ndikulemera, mwana wanga," ananong'ona.

"Tsamirani basi, bambo," ndinayankha mokweza kuti wapagolosaleyo amve. "Mwendo umenewu unaonongekera ine."